Malemu a Kambalame akadali mu pulogalamu

Lachitatu, mwezi wa Juni. Chiperoni tsiku lonse, mathiraki apamalire amangooneka ngati mizukwa.

Pulogalamu yathu yokonza mapepala a kasitomu yatulutsa pepala lopanda kanthu, uku nsomba za kasitomala wathu, a Jafali, zayamba kununkha m'thiraki. M'munsi mwa pepalalo munalembedwa kuti, "Ndachigwira, pitirizani." Awa ndi mawu a malemu a Kambalame, amene analemba pulogalamuyi.

Cholakwika mu Java, chilankhulo cha pulogalamuyi, chimayenda ngati uthenga wa maliro. Method (kachigawo ka pulogalamu) yomwe yalephera imachiponyera kwa yomwe inaiyitana, mpaka chipeze catch, msampha wochilandira. Malemu anaika catch imodzi pamwamba yomeza chilichonse, monga ankamezera madandaulo athu.

"Achimwene, wakufa asandigwirire katundu," anatero a Jafali. "Achotseni!"

Ndawachotsa pofufuta catch ija. Cholakwika chaonekera poyera: nambala ya thiraki inalembedwa mopereweza. Ndakonza, a Jafali awoloka.

Koma ndinaiwala finally, gawo lomwe limagwira ntchito zinthu zilakwike zisalakwike. Potseka, kompyuta yalemba kuti, "Ndikadali pano."

Ndaseka, poti ndine wa digiri. Mawa ndifufuta. Kapena mkuja. Mpando wa malemu ndaupeza wofunda, ndipo mu ofesi ndinali ndekha...