Wotchi Inawerenga ndi Pemphero Lomwe

Lachitatu, mwezi wa Okutobala. Kutentha kosaneneka, mtima nawo suli m'malo.

Abwana akufuna kuti pofika Lachisanu ndikhale nditasankha pulogalamu yowerengera maola amene makasitomala amalipiriratu kuti tiziwakonzera makompyuta. Yabwinoyo ndi ya madola, ife khadi ya kubanki yolipirira madola tilibe. Yotchipayo ndikuiyesa pafoni. Ukafika kwa kasitomala umadina, wotchi n'kuyamba kudya maola ake.

Lero ndinali kwa Mbenje, kwa mayi Semba osindikiza mapepala, printa yawo itakana. Ndinadina ndili pakhomo monga anandiuzira abwana. Koma ndani amafikira pa printa? Anandipatsa mpando ndi madzi, malonje n'kuyamba. Amuna awo agonekedwa kuchipatala kuboma, miyendo yatupa.

"Mwananga, tipemphere kaye," anatero.

Ndinagwada, foni ili m'thumba ikuwerengabe. Ambuye mundikhululukire, pemphero lonselo ine ndimaganiza za wotchi, osati za odwalawo.

Vuto la printayo linali pepala chabe lokanirira, ndinalisolola pompo. Koma pulogalamu inadula ola lathunthu, n'kutumiza yokha uthenga ku foni yawo. Yotchipayi silola kubweza. Ndikaikana, abwana anena kuti ndikufuna kumapatsa anthu maola aulere. Ndikaivomera, ndizilowa kwa akuluakulu osapereka moni ngati wokhometsa msonkho?

Madzulo ano mayi aja andiimbira. "Kodi mwananga, pemphero lija linalinso lolipira? Ukananena, ndikanafupikitsa."

Amaseka, koma kuseka kwake sikunali kuseka. Ndinati ndiwaimbiranso. Foni ndi iyi, ndikungoiyang'ana, ndipo sindikudziwa kuti ndikayamba ndi...