Bokosi la Zida za Mkamwini

Utale,
Balaka.
16 Okutobala, 2024.

Okondedwa achemwali anga a Zaina,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mbumba yonse kwathu ku Nsanamako. Kuno tili moyo, Alhamdulillah, kungoti dzuwa la chaka chino likutiwotcha ngati tinalilakwira. Mukudziwa kuti ine pensulo ndimaidziwa pojambula mzere pa thabwa basi, ndiye pakamwa ndi panga koma dzanja ndi la a Pitala, aneba anga amene anapuma pa uphunzitsi. Mukapeza mawu onenepa, dziwani kuti awonjezera ndi iwo.

Pa Idi paja munandiimbira foni. Munati amalume anatisiya, mbumba ilibe mwamuna wamkulu woiyang'anira, ndipo zaka makumi anayi za chikamwini zakwana, ndibwerere kwathu. Ine ndinangoti, "Ndamva." Lero ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambire kutali, paja mukundidziwa.

Chikwatirireni kuno, zida zanga za ukalipentala zakhala zikupachikidwa pa misomali pakhonde la kuseri. Mvula ya chaka chatha denga linadontha, sowo yanga n'kuchita dzimbiri. Ndiye mwezi wathawu ndinauza alamu anu a Kulusumu kuti ndikufuna kukhoma bokosi losungiramo zida. Zimenezo zinali zoona. Koma achemwali, zoona zina ndinazisiya m'thumba. Mawu anu aja anali kundizungulira m'mutu, ndipo alamu anuwo sindinawauze kanthu.

Ndinatsitsa matabwa a mlombwa amene ndakhala ndikuwabisa kudenga, aja ndinkakaniza ngakhale anthu ofuna zitseko. Ndinawapala masiku atatu mpaka anasalala ngati tsaya la khanda. M'makona sindinafune msomali, iyayi. Ndinadula mano, thabwa ili kuluma linzake monga mmene zala za manja awiri zimalowerana. M'kati ndinaika kabokosi kotsetsereka ka matchizulo, kunsi kwa chivundikiro ndinasema mpata wogonekamo sowo, pakona malo a kabotolo ka mafuta a nsatsi opaka zitsulo. Bokosi lokongola, achemwali! Ndakhomera anthu zinthu moyo wanga wonse, koma changachanga chinali chimenechi.

Kenako ndinasema zogwirira ziwiri, china uku china uku. Ndipo m'litali mwake, kaya dzanja linaganiza bwanji, bokosilo linangokwanira ndendende pa kaliyala wa njinga yanga.

Alamu anu anabwera ndi tiyi, n'kuima, n'kuliyang'ana.

"Abambo a Fauziya, kodi dzimbiri limaopa zogwirira?"

"Iyayi, n'zokongoletsa chabe."

"Ooo. Zakongoladi."

Anaika tiyi pansi n'kumapita. Ine n'kumati ndapulumuka. Ukalamba si nzeru, achemwali. Inu mukudziwa kuti mkamwini alibe nyumba, alibe munda, ngakhale mtengo wa mango umene anadzala yekha si wake. Chake ndi zida zake. Tsiku limene wayamba kuzilongedza, ngakhale nkhuku za pamudzi zimadziwa kuti munthuyu ali paulendo.

Lachisanu vanishi anali atauma. Nditabwera ku mapemphero a Juma ndinati tsopano ndilowetse zida m'nyumba yake yatsopano. Kupita kukhonde, ndinapeza misomali yokhayokha. Puleni palibe, hamala palibe, sikweya, kasemasema, tupa, matchizulo, zonse zii!

"Amayi a Fauziya, zida zanga zili kuti?"

"Anthu abwereka."

"Zonse?"

"Paja ino ndi nyengo yokonza madenga."

Anandiwerengera mayina osaphethira n'komwe. Ndinayamba ndi a Pitala omwewa, munthu amene sanapalepo ngakhale ndodo yolozera pa bolodi. Ndinapeza puleni yanga ili patebulo, ataiyalira kansalu.

"Aphunzitsi, ndabwerera puleni."

"Pepani Che Uladi, ndikuigwiritsa ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Ndikuiyang'ana kaye kuti tizolowerane."

Panopa akulemba uku akuseka, inki ikuchita kugwedera. Ndinapita kwa a Mahmudu, achimwene awo a Kulusumu, amene anatenga kasemasema. Iwo anati, "Alamu, ndinakasunga posamalika kwambiri, moti ndaiwala kuti ndi pati." Kwa mayi Nelia, agogo ogulitsa zitumbuwa pamphambano, ndinapeza sikweya. Ndinati, "Mayi, sikweya mukuyezera chiyani?" Iwo osaseka: "Zitumbuwa zanga zikumatuluka zokhota, mwanawe." Ine wa imvi mbuu, mwanawe! Hamala inali kwa a shehe. Ndinati apa ndiye sandinamiza. Sanandinamizedi. Anangogwira ndevu n'kunena kuti, "Che Uladi, munthu wa Mulungu amadekha."

Masiku atatu ndinazungulira mudzi uno ngati wogula mbuzi, osabwerako ndi kachitsulo ngakhale kamodzi. Tsiku lachitatulo masana ndinafika kunyumba thukuta lili kamukamu, n'kupeza alamu anu atakhala pamwamba pa bokosi langa, lichero pamiyendo, akusankha nandolo.

"Mwazipeza?"

"Mwandichita chipongwe ndi mudzi wonse."

"Mudzi sindinaupemphe kawiri ayi. Ndinangoti a Uladi asema zogwirira, aliyense anabwera yekha kudzatenga chake." Anapeta nandolo pang'ono, kenako anati, "Foni yanu ija imalankhula ngati wailesi. Tsiku la Idi ndinali kuseri ndikutsuka mbale, ndinamva zonse. Miyezi inayi ndakhala ndikudikira kuti mutsegule pakamwa. Inu m'malo mwa pakamwa mwatsegula matabwa."

Achemwali, ine amene anthu amandithawa pamaliro chifukwa cha nkhani zosatha, ndinangovomera. Ndinati inde, ndinaganizapo zopita, ndinkaopa kuti tsiku lina adzanditsogolera iwo kumanda, ine n'kutsala mlendo pakhomo pa eni.

"Mlendo? Zitseko za mudzi uno anakhoma ndani? Jeneza la kumzikiti, limene lidzatinyamule tonse, anakhoma ndani? Chabwino, ine sindinamangepo munthu. Ngati mukupita, pitani. Koma bokosili mulinyamule mmene lililimu."

Ndiye kuti iwo ali pamwamba pomwepo. Mwawaona alamu anu, Mulungu sanawamane thupi. Ine ndi mtima wachimuna ndinagwira chogwirira chimodzi n'kukoka. Bokosi silinasunthe, koma msana wanga unalankhula Chiyao chimene sindinachimvepo. Iwo anaseka mpaka nandolo kumwazika, kuseka kuja n'kusanduka misozi, akupukuta ndi mpango uku akunditukwana kuti ndine nkhalamba yopanda mutu. Ndinakhala pambali pawo. Bokosi limene ndinayezera njinga linatikwanira awiri bwinobwino.

Nkhuku zinabwera kudzatola nandolo. Kenako ndinati, "Amayi a Fauziya, tandibwerekani sowo yanga."

"Mukufuna mudule chiyani?"

"Zokongoletsa."

"Ili m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Imeneyo sindinakhulupirire munthu."

Ndinadula zogwirira zonse ziwiri iwo ali chikhalire, ati kuti bokosi lisagwedere. Ndipo inu, kulira kwa sowo kumafika patali! Ndisanamalize chachiwiri, a Pitala anatulukira ndi puleni, ati azolowerana mokwanira. A Mahmudu anakumbukira mwadzidzidzi. Mayi Nelia anabweza sikweya ili noninoni mafuta, pamodzi ndi mbale ya zitumbuwa, zokhota monga kale. A shehe anatumiza hamala ndi uthenga wakuti kudekha kwabala zipatso. Pofika swala ya Alasiri, pemphero la dzuwa litapendeka lija, khonde linali lodzaza, aliyense akufuna kuika yekha chida m'malo mwake, akukangana kuti tupa agone pati. Chilichonse chinalowa. Chivundikiro chinatseka ndi kamawu kofewa, fuu, ngati munthu wafika kwawo n'kuusa moyo.

Tsono achemwali, yankho langa mwaliona kale. Musandikwiyire. Kwathu sindinakutaye, ndipo magazi sasamba ndi madzi a mtsinje wathu wa Rivirivi. Koma mbumba ikufuna munthu wa miyendo yolimba, wodziwa mwana aliyense ndi dzina lake. Jimu, mwana wa malemu achemwali athu aakulu, wakula pamaso panu ndipo ali ndi mutu wozizira. Khalani pansi ndi akuluakulu mumuganizire. Pakakhala nkhani yofuna imvi, ndiitaneni, ndidzakwera minibasi tsiku lomwelo.

Alamu anu akupereka moni wambiri. Ati ndikuuzeni kuti alibe nanu chifukwa, akanakhala iwo akanaitananso mlongo wawo. Ati tikakolola tibwera tonse awiri, ndipo zida zidzatsala kuno, kiyi wa bokosi ali pa mkanda wawo.

Mundiperekere moni kwa ana onse ndi zidzukulu, ngakhale zimene sizindidziwa nkhope. Mukapita kukasesa kumanda, muwauze amayi kuti mwana wawo anamusunga bwino kumene anapita. Ndipo pamalo paja mwakhala mukundisungira kuti ndidzamangepo nyumba, musapasiyenso pogonera mbuzi. Mvula ikagwa dzalanipo chinangwa. Ndidzabwera kudzadya ngati mlendo wanu, ndipo mlendo mumamupatsa chachikulu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Uladi.