Ndinalira Maliro Pomwe Panalibe Maliro

Parma, 9 Febuluwale 1958

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Bambo. Nanga mwendo uja ukuvutabe ndi chisanu chino? Ine thupi lili bwino, ntchito yochapa ikuyenda, koma manyazi andigwira moti ndikusowa poyambira.

Lamulungu lapitali amayi ake a Ermes, bwenzi langa lija, ananditenga ku opera, masewero aja a nyimbo zokhazokha. Anati mtengwa wawo azolowere zinthu za kuno kumpoto. Tinakhala m'mwamba mwenimweni, kwa ife osauka, kumene ngakhale wometa tsitsi amadziwa nyimbo iliyonse, ndipo woimba akaphonya amamuimbira malikhweru.

Kumapeto mtsikana wa m'seweromo anagona pabedi akutsokomola. Amayi inu, chifuwa chake chinali cha malemu Rocchina wathu ndithu! Atatsirizika ndinaona azibambo a ndevu zawo akupukuta misozi mwakachetechete, chifukwa kuno amalira choncho. Koma ine ayi. Ndinangozindikira ndamasula tsitsi, ndikudziguguda pachifuwa, ndikubuma monga timachitira kwathu kumwera, kuitana mng'ono wanga ndi kutchula zabwino zake zonse. Mnyamata wa m'seweromo n'kuti asanamalize nyimbo yake.

Bambo wina anakuwa kuti, "Atulutseni akumwerawo, akalirire mbuzi zawo kumudzi!" Anthu kuseka. Pondikokera kukhomo ndinacheuka, ndipo wakufa uja anali atadzuka, akuweramira anthu, mano onse pamtunda. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Ermes anabwera Lachitatu, chipewa chili m'manja, maso pansi. Akuti ukwati ulipobe. Koma amayi ake anenetsa kuti abale anga asabwere, poti ngati munthu mmodzi wachita zotere, nanga mudzi wonse ukadzaza m'tchalitchi? Kenaka Ermes anandifunsa kuti, "Wamva, Nunzia?"

Amayi, munandilera ndi pakamwa posachedwa kuyankha, mukudziwa. Ndikanamuuza kuti amene sakufuna amayi anga sakufunanso ine. Koma ndinachita mantha kuti andisiya, ndipo ndinangoti ndamva. Za ku opera zija n'zochepa, izi ndiye zikundidya mumtima.

Pempho langa ndi limodzi. Diresi lija mukudzisokera la paukwati liikeni m'bokosi, ndipo Bambo muwauze ndinu. Ine sindingathe.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Filomena, achimwene a Donato ndi alamu, komanso ana onse.

Ndine mwana wanu, ngati mukundiwerengabe,

Nunzia