Gologolo asabwere kaye

Achimwene anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa amayi. Bondo lija lasiya kuvuta, kapena mukungolikoka monga mwa masiku onse, n'kumati kuchipatala kumapita anthu osowa chochita? Kuno tilipo. Ine chifuwa chinandigwira kutangoyamba kuzizira, koma tsopano chapita. Mpopi wa m'khitchini ukudonthabe, ndipo eni nyumba akungolonjeza. Mwana wanu m'thupi ali bwino, watalika moti siketi ya sukulu ndachita kuimasula m'munsi.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni simundilola kumaliza. Lamlungu lija munangoti ngati sukulu yamukanika, teremu ikatha ndimukweze basi azidzathandiza amayi ake pakhomo, ndipo ndisanayankhe munali mutapereka kale foni kwa alamu. Pepala simungalidule mawu. Muwerenge mpaka pansi, kenako mulamule, poti mwana ndi wanu.

Pasukulu pano, pomwe inenso ndimaphunzitsa makalasi a ana aakulu, pali dongosolo lothandizira ana otsalira. Amati lili ndi masitepe atatu. Sitepe yoyamba ndi kalasi wamba, ana onse pamodzi ndi mphunzitsi wawo. Mwana akamatsalira amamukweza pa sitepe yachiwiri: tsiku lililonse amatuluka kanthawi kukaphunzira m'kagulu ka ana ochepa, m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Akakanikabe amapita pa sitepe yachitatu, pomwe amakhala yekha ndi mphunzitsi, ndipo apo amayamba kufufuza ngati m'mutu mwake muli vuto. Pakati pa teremu ndi kumapeto amawayesa kuwerenga, ndipo wokhoza amabwerera m'kalasi. Mu ofesi ya ahedi anajambula zonsezi pakhoma, chithunzi chonga denga la nyumba chopaka mitundu itatu, ndipo alendo akabwera amaima pamenepo n'kumagwedeza mitu. Maganizo ake ndi abwino, sindingakane. Kungoti zonsezo zimatsamira pa sitepe yoyamba, ndipo sitepe yoyamba ya mwana wanu ndi yothyoka.

Mphunzitsi wake ana amamutcha a Wotchi, chifukwa maso awo sachoka pamkono. Akalowa amadzaza bolodi kuchokera ngodya iyi kukafika iyo atafulatira ana, n'kunena kuti koperani. Akafunsa funso amaloza ana omwewo a kutsogolo, amene makolo awo anawaphunzitsa kale kunyumba. Mwana akalakwa amangoti wina, n'kupitirira, osamuuza pomwe walakwa. Makope amachonga mwana ataiwala kale zimene ankalemba. Si munthu woipa mtima. M'chipinda cha aphunzitsi amatiseketsa, ndipo shuga akandithera amandigawira. Koma ana amatuluka m'manja mwawo monga analowera.

Mukukumbukira chifukwa chake mwana uyu tinamutcha Gologolo. Sankatsika mumtengo wa kuseri kwa nyumba, ndipo akatsika ankalongolola mpaka amayi kumupempha kuti apumeko. Mwana ameneyo, atangolowa m'kalasi la a Wotchi, anakakhala desiki ya kumbuyo n'kutseka pakamwa. Posakhalitsa anamutumiza kukachipinda.

Kachipindako kale ankasungiramo matsache ndi ndowa. Muli tebulo limodzi lozungulira, ndi windo lomwe galasi lake lina anatsekapo katoni. Amaphunzitsamo mayi wina wamfupi, wa mawu otsika, amene ana amamutcha a Tiyesenso, poti ndiwo mawu awo. Tsiku lina ndilibe phunziro ndinakakhala pakona kuonerera. Amayamba okha kuwerenga, chala chili pansi pa mawu, ana akuona. Kenako amawerenga onse pamodzi. Kenako mwana aliyense payekha, iwo atasendera pafupi. Mwana akapunthwa samudikirira mawa, amamukonza pomwepo osamuchititsa manyazi, n'kunena kuti tiyesenso. Asanawonjezere chatsopano amayamba abwereza cha dzulo. Palibe matsenga, achimwene, ndi zomwezo basi.

Nditakhala pakona paja ndinakumbukira inu ndi njinga ya abambo. Munayamba mwakwera nokha kuti ndione. Kenako munandikweza, mutagwira chishalo, mukuthamanga pambuyo panga m'njira ya kumpira ija mpaka malaya kunyowa. Tsiku limene munasiya chishalo simunandiuze, ndipo simunabwerere kunyumba. Munkathamangabe pambali panga, manja ali chire, kuti ndikapendekeka mundigwire. Munali mnyamata wosaleza mtima pa china chilichonse, koma pa njinga ija munali mphunzitsi woposa ambiri amene ndagwira nawo ntchito. A Wotchi akanandiika pamwamba pa chitunda, n'kundikankha, n'kuyang'ana nthawi.

Kwa a Tiyesenso Gologolo anatseguka. Anayamba kundiwerengera zikwangwani tikamayenda mumsewu, za masitolo, za m'mabasi, ngakhale zotukwana za pakhoma la kuseri kwa msika, mpaka ndinkachita kumutseka pakamwa. Mayeso atafika anakhoza bwino. Mphoto yake inali kumulanda mpando wake m'kachipinda n'kumubweza kwa a Wotchi. Palibe anafunsa ngati kumene akubwererako kwasintha. Palibenso anamuuza zimene anzake anaphunzira nthawi imene iye ankatuluka. Anamira ngati poyamba, ndipo anamubwezanso kukachipinda.

Ulendo wachiwiriwu ndi umene analephera mayeso a pakati, n'kulepheranso a kumapeto. Ahedi anandiitanira msonkhano, ati mwana uyu mwina ali ndi vuto lobadwa nalo, akuyenera sitepe yachitatu. Ndi nkhani imeneyo ndinakuuzani pafoni mwezi watha, ndipo ndikudziwa kuti ndi imene yakufooketsani. Zimene zinatsatira ndi zimene simunandilole kunena.

Masiku a chifuwa aja, msonkhano usanachitike, ndinagona pampando masana ndikutsokomola. Gologolo anatenga kabokosi ka mankhwala, n'kutulutsa kapepala kam'kati kaja, ka zilembo zing'onozing'ono zomwe ine sindiziona popanda magalasi. Anawerenga osapunthwa, n'kundidzudzula kuti azakhali, apa akuti musamwe musanadye, inu mwamwa m'mimba muli mbee. Ndinadzuka kukhala tsonga. Ndinamufunsa kuti nanga pamayeso amapunthwa bwanji pa timawu ta ana a mkaka. Anati akakhoza amubweza kwa a Wotchi.

Ati ana onse a m'kachipinda amadziwa zimenezi. Mtsikana wina wamkulupo ndi amene amawalangiza: uzilakwa apa ndi apo, osati kwambiri, kuti asakubweze m'kalasi komanso asakukweze pachitatu. Wathuyu, poti chilichonse amachita ndi mtima wonse, anapyola muyeso. Ndinafuna kuseka, koma misozi ndi imene inabwera. Taganizani, ana aang'ono kukhala pansi kupangana mmene angalepherere mwanzeru kuti apeze mphunzitsi wowaphunzitsa.

Gologolo anandipempha kuti ndisaulule. Ndinasinkhasinkha mpaka tsiku la msonkhano. Ndikanakhala chete, akanamulemba kuti ndi wochedwa mutu, ndipo dzina limenelo silitsala m'kalasi limodzi, limakwera naye chaka ndi chaka. Ndimawalandira ana otero m'makalasi a kumtunda kuno. Amafika atakhulupirira kale, ndipo ukawafunsa funso amayamba ndi kupepesa.

Kumsonkhano kunali ahedi, a Wotchi, a Tiyesenso, ndi mayi wina woyesa ana wochokera ku ofesi ya maphunziro. Anandifunsa ngati mwana amagona bwino, ngati amadya asanabwere, ngati amayi ake anavutika pobereka. Anafunsanso ngati kumtundu kwathu kuli wina wochedwa kumva zinthu. Ndinaganiza za inu, koma ndinakusungirani ulemu. Anamufufuza mwana kuyambira m'mimba mwa amayi ake, koma panalibe funso ngakhale limodzi la zimene zimachitika pakati pa bolodi ndi desiki yake.

Ndiye ndinaulula. Ndinafunsanso kuti zimatheka bwanji kuti pafupifupi theka la kalasi la a Wotchi lidutse m'kachipinda, pamene kalasi loyandikana nalo, la ana a msinkhu womwewo, limatumiza awiri kapena atatu.  A Wotchi anati iwo silabasi amamaliza pa nthawi yake chaka chilichonse, sanalembedwe ntchito yolera makanda, ndipo kachipinda anakatsegulira zomwezo. Anawonjeza mwanthabwala kuti azakhali a mwana akamaphunzitsa pasukulu pomwepo, mwana salakwa, amalakwa ndi bolodi. A Tiyesenso anapempha mofatsa kuti azilowa m'kalasimo masiku ena, aziphunzitsira limodzi, kuti ana asamachite kutuluka. A Wotchi anati kalasi lawo si pochezera. Ahedi anasonkhanitsa mapepala awo n'kunena kuti tabwera kudzakamba za mwana, osati za aphunzitsi.

Chigamulo chinali chakuti poti mwana amatha kuwerenga, abwerere m'kalasi, mpando wake upite kwa wina chifukwa odikira ndi ambiri, ndipo achenjezedwe pa bodza. Potuluka ndinadutsa pansi pa chithunzi cha mitundu itatu chija. Mayi wa ku ofesi anali ataima pomwepo akuchijambula ndi foni.

Gologolo anakhala masiku osandilankhula. Atatsegula pakamwa anangoti azakhali munandigulitsa. Mbali ina sananame. A Wotchi tsopano amamuitana kuti mayi wa zisudzo pamaso pa anzake. Ndikamadutsa pakhonde ndimamuona pawindo, ali kumbuyo kuja, akukopera bolodi, mutu uli pansi.

Chimene chimandiwawa, achimwene, n'chakuti mankhwala ali pomwepo, kumapeto kwa khonde lomwelo. Zimene a Tiyesenso amachita ndi ana ochepa, mphunzitsi angazichite ndi kalasi lonse: kuonetsa, kuchitira limodzi, kumusiya mwana ayese uli pafupi, kumukonza msanga. Zikanatero, kachipinda kakanatsalira ana amene akufunadi thandizo lapadera, ndipo alipo, ndimawadziwa, akudikira pamzere pamene mipando yawo yadzaza ana amene vuto lawo ndi a Wotchi. Koma kusuntha mwana n'kosavuta kusiyana ndi kuuza munthu wamkulu mnzako kuti asinthe kaphunzitsidwe. Mwana sakwiya nawe m'chipinda cha aphunzitsi.

Pempho langa ndi limodzi: musamutenge. Akabwera tsopano, abwera atasenza dzina loti sukulu inamukanika, ndipo mukudziwa pakamwa pa kwathu, adzamutchula choncho mpaka imvi. Choopsa n'chakuti iye mwini adzavomera. Chaka chamawa akulowa m'kalasi la bambo wina amene sakhala pampando, amayendayenda pakati pa madesiki n'kumagwada pambali pa mwana. Kufikira nthawi imeneyo, tikaweruka timakhala patebulo lathu ndi timabuku timene a Tiyesenso atibwereka, ndipo ndimachita monga ndinaonera, ngakhale ine mtima umandithera msanga kuposa iwo. Ndigwira chishalo mpaka chaka chithe. Ngati mukukayika, Lamlungu mukaimba musamufunse kuti wakhala nambala chani. Mumuuze akuwerengereni chilichonse chimene chili pafupi, ndipo ulendo uno mumvetsere mpaka amalize.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti juzi lija ndikulivala ndipo landithandiza pa chifuwachi. Moni kwa alamu, mtima wawo ukhale m'malo, mwana wawo alibe vuto m'mutu. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa achemwali aakulu ndi ana awo onse, ndi kwa anansi athu a kuseri amene ankamutsitsa Gologolo mumtengo.

Gologolo walowa tsopano kuchokera kokaanula zovala, waima kumbuyo kwanga, chibwano chili paphewa langa. Akuti ndaiwala mchimwene wake wamng'ono, ndipo akufuna adziwe ngati dzino lija linatuluka. Mumupatsire moni ameneyo. Wapita kukapinda zovalazo, koma ali pano masamba oyambawa ndinawatembenuza n'kuikapo chigongono, kuti asaone zoti munafuna kumukweza basi. Ndi mmene zilili kuno, achimwene: mwana amene munamva kuti sukulu yamukanika, ndikuchita kumubisira kalata.

Ndine mlongo wanu,
amene munamuphunzitsa njinga