Dzino Limene Sindinakamatitse

14 Okutobala

Okondedwa Akulu,

Ndikhulupirira kuti ntchito ikuyenda bwino kumeneko. Ndikulemba nditakhala pabenchi panja pa wodi ya ana, ndipo ndikamaliza ndiijambula kalatayi ndikutumizireni pafoni. Musadzidzimuke, mwana wathu ali moyo. Koma werengani mpaka kumapeto musanandiimbire, chifukwa pakamwa ndalephera kawiri konse kukuuzani.

Mukukumbukira mu Juni pamene ndinapita naye kwa dokotala wa mano? Anapeza bowo padzino lakumapeto, nati tibwerenso Lachinayi adzamate. Mutandifunsa, ndinati zatheka. Akulu, ndinanama. Lachinayilo tinafika mpaka pakhomo. Nditamva kulira kwa kachipangizo kobowolera kaja, ndinalephera kulowa, nditakumbukira tsiku lija munkandigwira manja ndili wamng'ono, akundizula dzino jakisoni asanagwire. Mwana atandiyang'ana kumaso anayamba kulira, ndipo tinabwerera.

Mnzanga wa kusaluni anandiuza za mankhwala ochukuchira mkamwa okhala ndi fulolayidi, akuti amabwezeretsa dzino mwakale. Ndinagula. M'mawa ndi madzulo mwana ankachukucha, ine ndikuwerenga mpaka sikisite. Patapita masabata atatu ululu unasiya, ine n'kumadzitama kuti ndamupulumutsa ku makina aja.

Dzana mwana anadzuka tsaya litatupa, diso lakumanzere likungosuzumira, thupi lili moto. Ngakhale supuni simalowa mkamwa.

Titafika kuchipatala, dokotala yemwe uja anandizindikira. Ndinatulutsa botolo m'chikwama n'kumuonetsa. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anati, "Mayi, mankhwalawa ndi abwino. Amalimbitsa dzino likangoyamba kuoneka mawanga oyera. Koma likabowoka, palibe madzi amene angatseke bowolo. Ululu unasiya chifukwa mtsempha unafa, ndiye mafinya akhala akuunjikana pansi."

Ndinafunsa ngati angamatebe. Anapukusa mutu. Panopa mwana ali padilipi, ndipo mawa m'mawa alowa naye m'chipinda cha opaleshoni kukachotsa mafinya ndi kuzula dzinolo. Ndi dzino lachikulire, silidzameranso. Anamwino akumugwira pakhosi ola lililonse, akuti kutupa kukatsikira kumeneko kupuma kumavuta. Mpaka pano sikunatsike. Nthawi iliyonse akalowa, ine ndimaimirira.

Chimene chikundidya kwambiri ndi ichi. Masana ano anandikoka malaya, nalankhula movutikira: "Amayi aang'ono, musawauze amayi. Masiku ena ndinkalavula mankhwala aja musanamalize kuwerenga, chifukwa amawawa. N'chifukwa chake sanagwire ntchito." Ndinangomusisita mutu. Wagona akuganiza kuti wolakwa ndi iye.

Akadzuka ndimuuza zoona ndekha. Inu ndikukupemphani ziwiri. Mumuimbire mawa isanakwane seveni, amve mawu anu asanalowe. Ndiponso mkwiyo wanu wonse musungire ine, iye asaumve. Mukaganiza zomuchotsa m'manja mwanga sindikana, ngakhale sindikudziwa kuti m'nyumba muja ndizikhalamo bwanji popanda phokoso lake.

Moni kwa alamu anga. Muwawerengere yonse, musandibise. Mwana nayenso anapereka moni asanagone. Anati ndikuuzeni kuti musadandaule, amayi aang'ono akumusamala bwino. Ndalemba monga ananenera.

Ndine mng'ono wanu,
amene munamudalira.