Waya amene ndinabisa musiling'i

Okondedwa amalume a Safeli,

Kunja kuno ku Delft tili bwino, kaya inu ku Ekwendeniko? Yavuta ndi mphepo basi.

Sabata yatha tinkaika mawaya a makompyuta mu ofesi ina m'tauni. Waya mmodzi anandiperewera, ndiye ndinamulumikiza mopota n'kukulunga tepi, monga munkandiphunzitsira pa magetsi. Kenako ndinamubisa musiling'i. Poyesa, kamakina koyesera mawaya kanayatsa nyali yofiira. Kapitawo wathu, a Petros, anakwera makwerero n'kutsika nacho chimfundocho.

"Waya wa makompyuta salumikiza chonchi. Anakuphunzitsa ndani?"

Amalume, ndinatchula dzina lanu. Anzanga onse a pantchito anaseka, nanenso ndinaseka nawo.

Za ntchito musandifunse kaye. Pulayazi munandipatsa ija ndikadali nayo, koma chiyambire tsikulo manja akukana kuigwira.

Ndine mwana wanu,
Tumbiko