Mitengo ya nimu yapeza wogula

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha, ndipo mutu wanga sukugwira.

Chimvereni zoti bambo a ana adzasamutsidwira kulikulu latsopano ku Lilongwe, ndakhala ndikukonza pano kuti nyumba idzagulike. Ndinadzala nimu kuti pakhale mthunzi, ndinaika mgolo wolandira madzi a mvula kuchokera pamalata.

Lero kwabwera a Mwale, ogulitsa nsomba. M'nyumba sanalowe n'komwe, amangosisita mitengo. "Mayi, nyumbayi ndagula. Nkhuni izi ndiwambira nsomba chaka chonse. Mgolowu ndiuboola ukhale uvuni."

Bambo akuti ndisangalale, ntchito yanga ndiyo yagulitsa nyumba. Mwina akunena zoona. Koma madzulo ano ndapezeka ndikuthirira kamtengo ka nimu kakuseri kwa nyumba, osadziwa ngati ndikulera mthunzi kapena nkhuni za a Mwale...